Kusaka magudumu a sipeya a njinga yamoto yakale ya mpikisano, pang'onopang'ono osataya ndalama

Anthu ambiri akandifunsa kuti gudumu la sipeya la njinga zakalezi amalipeza kuti, ine ndimayamba ndawafunsa kaye kuti ekiselo yanu ndi yonenepa mamilimita angati, ndiye mumangoona munthu wayamba kukanda m'mutu. Apa nde pamene pamagona nkhani yonse. Gudumu si chinthu chimodzi ayi, ndi zinthu zitatu zomangidwa pamodzi, habu (chitsulo cha pakati chomwe ekiselo imadutsamo), masipoko ndi limu, ndipo pa zitatuzi chomwe mukusakadi ndi habu basi. Limu ndi masipoko amapangabe atsopano mpaka lero, koma habu ya njinga yomwe fakitale inasiya kupanga zaka 50 kapena 60 zapitazo imeneyo nde nyama yake. Mukamvetsa zimenezi simuzavutikanso ndi kuthamangira gudumu lathunthu lonyezimira lomwe mwaliona pa chithunzi.

Yambani ndi malamulo, musanatsegule ndi foni yomwe

Ndikudziwa ndi zotopetsa koma yambani pamenepa. Gulu lililonse loyendetsa mipikisano ya njinga zakale lili ndi buku lake la malamulo, CRMC ku Britain ili ndi lake, AHRMA ku America ili ndi lake, ku mpikisano wa Manx Grand Prix pa chilumba cha Isle of Man nakonso ali ndi awo, ndipo njinga amazigawa potengera zaka zomwe zinapangidwa ndi kukula kwa injini. M'kalasi mwanumo muonemo zinthu zinayi: gudumu lololedwa ndi la mainchi angati, limu ingatambalale kufika pati, amalola buleki ya disiki kapena ya dilamu yokha, komanso ngati magudumu oumba aja opanda masipoko ndi ololedwa. Makalasi ambiri a njinga za m'ma 1960 amafuna masipoko basi ndipo matayala osalala opanda mizere sawalola, pena olo matayala enieni a mvula amawakana. Zimenezi zimasintha chifukwa chomwe mukufunira sipeya, ngati tayala lake ndi limodzi lomwelo mvula kapena dzuwa ndiye kuti sipeya yanu ndi ya tsiku lomwe mwagwa n'kupinda limu kapena chubu chaphulika mphindi 20 mpikisano usanayambe, ndiye mwina mukufunika lakutsogolo lokha kaye osati onse awiri. Ngati pali chomwe sichikumveka lemberani amene amayang'anira zovomereza njinga ku gululo, yankho lake mulisunge. Safunsa anadya phula.

Kenako chotsani gudumu lomwe lilipolo, muliyeze

Apa ndikhalapo nthawi chifukwa ndi pomwe anthu amagwera. Mufunika venya kalipa (kachipangizo koyezera kunenepa kwa zitsulo), lula yachitsulo yowongoka yayitali kuposa gudumu, kope ndi foni yojambulira. Kuyeza ndi maso ayi.

Yambani ndi ekiselo, kunenepa kwake ndi kutalika kwake. Njinga za ku Japan ndi ku Italy zimakhala za mamilimita, 15, 17 kapena 20, pomwe zakale za ku Britain zambiri ndi za mainchi, ndiye musadabwe kalipa ikakuonetsani nambala yosamveka ngati 15.9, imeneyo ndi 5/8 ya inchi. Kenako werengani nambala yomwe ili pa bering'i. Nambala imeneyi ndi chilankhulo cha dziko lonse, 6302 ndi bowo la mamilimita 15, kunja 42, kunenepa 13, pomwe 6203 ndi 17, 40 ndi 12, ndipo 6204 ndi 20, 47 ndi 14. Ubwino wodziwa zimenezi ndi woti habu ya njinga ina itha kulowa pa ekiselo yanu pongosintha bering'i, mwachitsanzo 6303 ndi 6204 kunja ndi zofanana, 47 ndi 14, koma bowo lina ndi 17 lina 20. Mukasintha bering'i kumbukirani kachubu kachitsulo kamene kamakhala mkati pakati pa mabering'i awiriwo, nako kasinthidwe, ndipo katalike ndendende, kakafupika olo pang'ono mukamanga nati ya ekiselo mukufinya mabering'i cham'mbali ndipo samaliza ndi mpikisano umodzi omwe.

Yezaninso mpata wa pakati pa miyendo ya foloko, ndipo kumbuyo mpata wa mkati mwa swingarm, chitsulo chogwira gudumu lakumbuyo chija, mulembe kutalika kwa sipesa iliyonse (tizitsulo totseka mpata pa ekiselo mbali zonse za habu) ndi mbali yomwe imakhala. Jambulani musanazichotse chifukwa pakatha masabata atatu simuzakumbuka kuti yaifupi inali kumanja kapena kumanzere, ine zinandichitikira.

Tsopano muyezo womwe ambiri amaiwala, ofuseti, kutanthauza kuti limu yakhala pati poyerekeza ndi habu. Gonekani gudumu pansi, ikani lula yowongoka ija pamwamba pa mkombero wa dilamu ya buleki kapena pomwe pamakhala sipuloketi, kenako muyeze kuchokera pa lulayo kutsika kufika m'mphepete mwa limu. Chitani malo atatu kapena anayi kuzungulira, mulembe, mulembenso kuti mwayezera mbali iti. Limu sikhala pakati pa habu nthawi zonse, imayenera kukhala pakati pa njinga, ndipo gudumu lakumbuyo likapatuka mamilimita ochepa chabe njinga imakhota bwino mbali imodzi n'kumakana mbali ina, inu n'kumanamizira foloko kapena felemu.

Pa limu pamakhala podinda, mupukute muwerenge. Zakale zimalembedwa ndi WM: WM1 ndi mainchi 1.60 m'lifupi, WM2 ndi 1.85, WM3 ndi 2.15, WM4 ndi 2.50, ndipo amayeza mkati pomwe pamakhala tayala osati kunja. Werenganinso mabowo a masipoko, za ku Britain zambiri ndi 40, za ku Japan ndi ku Italy zambiri ndi 36, habu ya 40 singamangidwe pa limu ya 36 olo mmisiri wake akhale katswiri bwanji. Kukula kwake, njinga za mpikisano za ku Britain ngati Manx Norton, AJS 7R ndi Matchless G50 zinkatuluka ndi magudumu a mainchi 19, koma ambiri othamanga nazo masiku ano anatsikira pa 18 chifukwa matayala a mpikisano osankhapo ambiri ali pa 18. Ngati njinga yanu ili pa 18 sipeya ikhalenso 18, kusakaniza kumasintha kaimidwe ka njinga yonse.

Dziwani mahabu omwe angalowe

Mukakhala ndi manambala aja lembani mndandanda wa mahabu ovomerezeka, woyamba akhale weniweni wa njinga yanuyo, kenako abale ake. Njinga yanga ndi Honda CB350 ya masilinda awiri, zija zinapangidwa kuyambira 1968 mpaka 1973 ndipo zinagulitsidwa zambirimbiri, ndiye habu yakumbuyo sivuta, vuto limakhala kutsogolo komwe aliyense amafuna buleki yamphamvu. Ena amaika dilamu ya Suzuki T500, ena amasaka ija ya Suzuki GT750 ya 1972 ya mashuzi anayi (zitsulo zokhudza dilamu mukagwira buleki), yomwe Suzuki anaisiya msanga n'kupita ku disiki ndiye ndi yosowa komanso yolemera ngati chimwala. Pamwamba pa zonsezi pali madilamu a ku Italy, Fontana, Ceriani, Oldani, Grimeca, ndi ya Yamaha TZ yoyambirira ija isanafike TZ ya 1976 yomwe inabwera ndi disiki.

Maganizo anga ndi awa, sipeya ikhale mapasa ndi gudumu lomwe lili pa njinga. Habu yofanana, masipesa ofanana, kuti pa tsiku la mpikisano muzingosolola ekiselo, kuchotsa, kulowetsa, kumanga. Sipeya yomwe imafuna kuti musinthe kebulo ya buleki ndi chogwirira cha mbale ya buleki (pomwe mashuzi amamangidwa) imeneyo si sipeya, ndi ntchito ina yomwe mwadzipatsa pa nthawi yomwe manja akunjenjemera kale. Ndipo ngati buleki ndi ya dilamu, gudumu lililonse likhale ndi mbale yake ndi mashuzi ake omwe anazolowerana ndi dilamu imeneyo, mukasamutsa mashuzi kupita pa dilamu ina amagwira pang'ono chabe ndipo pa kona yoyamba muzaziona.

Komwe mungasake

Yambani pafupi, kwa anzanu othamanga nawo. Pa malo oimika njinga tsiku la mpikisano yendani ndi kope lanu mufunse aliyense amene ali ndi njinga ngati yanu, akuluakulu omwe akhala mu masewerawa zaka zambiri amakhala ndi mahabu atapachika m'galaja omwe sanawalengezepo paliponse, ndipo munthu amene muzikumana naye mwezi ndi mwezi sangakugulitseni chinthu chong'aluka dala. Magulu a eni njinga za mtundu umodzi nawonso amakhala ndi tsamba la zogulitsa.

Kenako misika ya zitsulo zakale. Ku Britain kuli Stafford kawiri pachaka, April ndi October, kuli Kempton Park ndi Newark, ku Germany kuli Veterama ku Mannheim, ku Italy kuli msika wa ku Imola, ku America kuli Barber Vintage Festival ku Alabama ndi AMA Vintage Motorcycle Days ku Mid-Ohio. Ubwino wake chinthucho mumachigwira m'manja. Pitani m'mamawa, kalipa ikhale m'thumba, tochi yaing'ono, ngati n'kotheka ndi ekiselo yanu yomwe, ndipo muziyang'ana pansi pa matebulo m'mabokosi akuda ndi girizi aja, zapamwamba zopukutidwazo ndi za anthu ongodutsa.

Pa intaneti, eBay ndi Facebook Marketplace, musamangolemba dzina la njinga yanu lokha. Ogulitsa ambiri sadziwa chomwe ali nacho, amangolemba kuti gudumu lakale la njinga, ndiye sakani ndi dzina la limu, Borrani, Akront, Dunlop, kapena WM2 18, WM3 18, kapena dzina la buleki, yesaninso mawu a Chitaliyana, Chijeremani ndi Chifalansa. Sungani kusakako kuti foni izikuuzani chikatuluka chatsopano, ndipo khalani odekha, habu yanga yachiwiri ndinaidikira miyezi isanu ndi iwiri.

Ngati njinga yanu ndi ya m'gulu la Manx kapena G50, kuli makampani ngati Molnar ku England omwe amapanga zida zatsopano zofanana ndi zakale, ndipo ma Fontana ndi Ceriani opangidwanso alipo. Ndi zodula zedi koma chitsulo chake sichinatope, muonenso kuti malamulo anu amalola.

Musanalipire

Wogulitsa wakutali mumupemphe zithunzi izi: mkati mwa dilamu mbale itachotsedwa, pokhala mabering'i, mabowo a masipoko pa habu chapafupi mbali zonse, chodinda cha pa limu, ndi kalipa ili pa chinthucho nambala ikuoneka. Akayamba zoti alibe nthawi, musiyeni. Lipirani kudzera njira yomwe ndalama ingabwezedwe, zija zoti tumizani ngati kwa mnzanu kuti tipewe chindapusa ndi momwe anthu amaberedwa.

Ine ndinagulapo gudumu lakutsogolo kwa bambo wina pa intaneti, pa zithunzi linali lowala ngati kalilole, ati linangochotsedwa pa njinga yoyenda. Litafika ndinalitsuka ndi palafini n'kuliyang'ana pa dzuwa, pa mkombero wa habu pakati pa mabowo awiri a masipoko panali kamzere kowonda ngati tsitsi, ndinakapalasa ndi chikhadabo ndikuganiza kuti ndi kokanda chabe koma chikhadabo chinakodwa, ndipo bering'i ya mbali ya buleki inangogwa yokha m'dzanja langa osaimenya, mozungulira mwake wina anali atabayabaya ndi panchi kuti igwire. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Limu yokha ndi imene ndinapulumutsapo.

Ndiye pa habu onani ming'alu pa mabowo a masipoko ndi pokhala mabering'i, bering'i iyenera kulowa molimba osati kugwedera. Mkati mwa dilamu muli mkombero wachitsulo womwe mashuzi amakhudza, uonetsetse kuti sunalekane ndi aluminiyamu, dzimbiri likalowa pakati pake limaukankha, ndipo muyeze kukula kwake, mahabu ambiri a ku Japan analembedwa mkati malire omwe dilamu singapitirire. Ikakhala kuti inapalidwa kale kufika pamenepo, kuika mkombero watsopano n'kotheka koma ndi ntchito ya mmisiri weniweni. Yakumbuyo onani pokhala malabala a cush drive, aja ochepetsa kugunda kwa tcheni, ndi mabowo a mabawuti a sipuloketi ngati sanakule kukhala ngati dzira.

Za magineziyamu ndinenepo mwapadera. Mahabu a Manx, ma Fontana ambiri ndi magudumu oumba a m'ma 1970 ngati Campagnolo, Morris ndi Dymag ndi a magineziyamu, opepuka bwino koma amadyeka ndi chinyezi, utoto ukangokandika pamayamba kaufa kotuwa ndipo chitsulo chimafumbwa mkati kunja kukuoneka bwinobwino. Gudumu lotere la zaka 40 kapena 50 musalikwere musanalipititse kokaliyeza ming'alu, amachotsa utoto n'kuthira mankhwala ofiira olowa m'ming'alu aja, kapena X-ray. Lomwe langopentedwa kumene ine ndimaliopa kuposa lakuda. Ndipo likakhala lopindika musalole munthu kuliwongola ndi moto kapena nyundo, lipachikeni pakhoma likhale chokongoletsa. Ma Astralite ndi ma Comstar a Honda ndi omanga ndi ma riveti, gwedezani muone ngati pali riveti yomasuka kapena kafumbi kakuda mozungulira mutu wake.

Limu yakale ya aluminiyamu muichotse tayala ndi tepi muone mkati, madzi amakhala mmenemo zaka n'kudya mozungulira manipo, timanati tomangira masipoko pa limu. Onaninso polumikizira ndi pomwe pali pophwatalala. Borrani yakale yabwino ndi yokongola ndithu koma pa njinga yothamanga ine ndimakonda yatsopano, Borrani akupangabe, kuli Morad ya ku Spain, kuli Excel ya ku Japan.

Kumanga

Masipoko akale tayani, olo aoneke bwino. Musanawadule jambulani mmene alukidwira, muwerenge kuti sipoko imodzi ikudutsana ndi angati, musunge imodzi ya mtundu uliwonse chifukwa gudumu limodzi limatha kukhala ndi mitundu iwiri mpaka inayi, amkati ndi akunja, a mbali ya buleki ndi a mbali inayo. Poitanitsa limu yatsopano nenani habu yomwe ikukakhalapo. Mabowo a limu amabooledwa mopendekera kuloza komwe sipoko ikuchokera, ndiye limu yoboolera habu yaing'ono ya disiki mukaimanga pa chidilamu chachikulu masipoko amapindika pa nipo ndipo amayamba kuthyoka imodzi imodzi. Makampani ngati Central Wheel Components ku England kapena Buchanan's ku California amaboola molingana ndi habu, pena amafuna mutumize habu yomweyo. Apatseni ofuseti ija munalemba.

Kumanga nokha n'kotheka ngati munamangapo gudumu la njinga yakapalasa, nzeru yake ndi yomweyo, pakani mafuta pa ulusi wa sipoko, mangani pang'onopang'ono kuzungulira, yambani mwathetsa kudumpha kenako kupepeluka. Mabuku ambiri amalola mpaka mamilimita 2 koma pa njinga ya mpikisano yesetsani kufika theka la milimita. Menyani sipoko iliyonse ndi sipanala, zonse zizilira ngiii mofanana, yolira phwa ndi yomasuka. Palani nsonga zomwe zatulukira pa nipo kuti zisabaye chubu.

Chinthu chimodzi chomwe ndinachiphunzira mochedwa, dilamu imapalidwa gudumu litamangidwa kale osati lisanamangidwe, chifukwa masipoko akamakoka amaipotoza pang'ono, mukaipala habu ili yokha kenako n'kumanga muzamva chogwirira buleki chikugunda m'dzanja. Ikatha kupalidwa mashuzi aikidwe zikopa zatsopano, zija zomata pamwamba zomwe zimakhudza dilamu, n'kuzisema kuti zifanane ndi dilamuyo. Mashuzi akale omwe munawapeza m'katimo musawakhulupirire, guluu wake amatha ndipo chikopa chikamatuka gudumu limatseka pomwepo, komanso akale ambiri ali ndi asibesitosi, musauzire fumbi lake ndi pakamwa kapena kompresa, pukutani ndi kansalu konyowa.

Tayala ndi kuyesa

Tayala ligwirizane ndi m'lifupi mwa limu, lalikulu pa limu yopapatiza limatsinidwa n'kusongoka ndipo malo ogwira pansi amachepa m'malo mochuluka. Heidenau, Continental ndi Dunlop ali ndi matayala a mainchi 18 opangira njinga zimenezi, ikani mtundu womwewo uli pa gudumu linalo. Onani manambala anayi omaliza pa chidindo cha m'mbali mwa tayala choyamba ndi zilembo za DOT, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka, 2322 ndi sabata ya 23 ya 2022, mukaona manambala atatu okha ndiye kuti tayalalo ndi la chisanafike chaka cha 2000, olo mizere ikhale yatsopano bwanji ndi chitsa chimenecho. Tepi yatsopano, chubu chatsopano, kenako balansi.

Ndiye liikeni pa njinga kunyumba, osati koyamba ku bwalo. Lizungulire momasuka nati itamangidwa, mpata wa tayala ndi foloko ukhale wofanana mbali zonse, kumbuyo gonekani lula pa sipuloketi muone ngati ikuloza sipuloketi ya ku injini, kokani chingwe mbali zonse za matayala awiri muone ngati ali pa mzere umodzi, ndipo chogwirira mbale ya buleki chimangidwe ndi waya wotsekera monga malamulo amafunira. Masipesa a gudumu limeneli muwapake utoto wawo, kapena muwamangirire pa sipoko ndi kawaya. Pa tsiku loyeserera thamangani nalo maulendo angapo mofatsa kuti mashuzi akhazikike, mukabwerako dikirani lizizire mumenyenso masipoko onse ndi sipanala, atsopano amamasuka pang'ono ulendo woyamba, awiri kapena atatu muzawapeza akulira phwa, amangeni kota kota mukuyang'ana kuti limu isapatuke.